Maso a Dotolo Openya M'kati mwa Wobvulala

Mwala ukagumuka pa denga la mgodi, kapena galimoto ikagubuduzika pa mseu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe, wobvulala amafika ku cipatala ali ndi mabala a mitundu iwiri. Ena ali kunja, ndipo munthu ali yense awaona nacita nao mantha. Ena ali m'kati, kumene diso silifika: pfupa losweka, msana wothyoka, mtsempha wong'ambika umene ulinkutaya mwazi mwakacetecete. Kawiri-kawiri mabala obisikawa ndiwo amapha munthu kapena kumpundula. Tsono lero tikambirane za m'mene madotolo amapenyera m'kati mwa thupi popanda kuling'amba, ndi m'mene zithunzi zomwezo zimatsogolera manja ao pociritsa.

Nzeru imeneyi inayamba pa 8 November, 1895, mu mzinda wa Würzburg, ku Germany. Mphunzitsi wina wa za cilengedwe, dzina lace Wilhelm Röntgen, analinkuyesa-yesa mphamvu ya magetsi m'botolo lagalasi locotsedwa mpweya. Botololo analikuta ndi pepala lakuda lokhuthala, koma anadabwa kuona kuti pepala lina lopakidwa mankhwala, limene linali capatali pang'ono, lirikunyezimira mumdima. Anazindikira kuti m'botolomo mulinkuturuka kuwala kosaoneka ndi maso, kokhoza kupyola pepala, thabwa ndi mnofu womwe. Popeza sanakudziwe mtundu wace, anakucha X, ndico cifukwa cace mpaka lero timati X-ray. M'mwezi wa December anajambula dzanja la mkazi wace, ndipo pa cithunzipo panaoneka mafupa a zala pamodzi ndi mphete yace. Sizinapite sabata zambiri madotolo a maiko ena anayamba kufuna nako zipolopolo ndi mafupa othyoka. Röntgen analandira mphotho ya Nobel mu 1901, koma anakana kulembetsa nzeruyo ngati cuma cace ca yekha.

Cithunzi ca X-ray ndi mthunzi cabe. Kuwalako kumapyola mpweya mosabvuta, kotero mapapo amaoneka akuda; mnofu umakuchinga pang'ono nuoneka wotuwa; koma pfupa, pokhala ndi mcere wolimba wochedwa kashiamu, limakuchinga kwambiri, ndipo limaturuka loyera. Pothyoka pamaoneka ngati mzere wakuda wodutsa m'coyeraco. Popeza ndi mthunzi, ukhoza kunama. Tengani ndodo yokhota muiimike pa dzuwa: mukaitembenuza mbali ina mthunzi wace uoneka woongoka. Cimodzi-modzi pfupa lothyoka likhoza kuoneka lolunjika poliona ca kutsogolo, pamene ca m'mbali nsonga zace zapitirirana. Ndico cifukwa cace wojambula amakutembenuzani najambula kawiri, ndipo amafuna kuti mfundo ya pamwamba ndi ya pansi pa pfupalo zionekenso. Musam'dandaule kuti alinkukuzunzani.

Ndiponso pali mafupa ena amene amabisa ming'alu yao masiku oyamba. Pa mfundo ya dzanja, m'tsinde mwa cala cacikulu, pali kapfupa kakang'ono kamene kamathyoka munthu akagwa natsamira cikhato. Tsiku loyamba cithunzi cikhoza kuoneka cabwino, koma dotolo wocenjera amamanga dzanjalo cikhakha nanena kuti mubwerenso patapita masiku 10 kapena 14, pakuti pamenepo mng'alu umakhala utaonekera. Ambiri sabwerera, poyesa kuti anangobinya. Kapfupa kameneka kali ndi mitsempha yocepa ya mwazi, ndipo kakalekereredwa sikalumikizana. Zaka zikapita dzanja limauma ndi kuwawa, munthu nalephera kugwira nyundo kapena fosholo.

Pfupa limadziocherera lokha, monga m'misiri aocherera citsulo. Mwazi woundana pothyokapo ndiwo maziko. Pa iwo pamamera cotupa ca pfupa latsopano, cimene cimayamba kuoneka pa X-ray patapita sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo cimalimba pang'ono-pang'ono. Nchito ya dotolo ndiyo kulunjikitsa nsonga ziwirizo ndi kuzigwira kuti zisagwedezeke. Pa pfupa la nchafu, limene ndilo lalitali koposa onse 206 a munthu wamkulu, nchito imeneyi njobvuta, cifukwa minofu ya pamenepo njamphamvu ndipo imakoka nsongazo kuti zipitirirane. Njira yakale, imene ikali kugwira nchito m'zipatala zambiri, ndiyo kugoneka wodwala ndi kukoka mwendo ndi cingwe comangirira zolemera, kwa miyezi ngati itatu. Ganizani za mwamuna wa banja ali gone miyezi itatu, osatsika pansi pa mgodi.

Mu 1939 dotolo wa ku Kiel, Gerhard Küntscher, anayamba kulowetsa msomali wautali wacitsulo m'mphako ya pakati pa pfupa, m'mene mukhala mafuta, kuti ugwire pfupalo ca m'kati. Anzace poyamba anam'tsutsa, koma lero imeneyi ndiyo njira yodziwika pa dziko lonse. Cimene cinaikometsa ndi makina a X-ray oyenda pa mawilo, okhota ngati cilembo ca C, amene anayamba kulowa m'zipinda za opaleshoni m'zaka za m'ma 1950. Mkono wokhotawo umazinga mwendo wa wodwala, ndipo dotolo akaponda pa cosinikiza cithunzi cimaoneka pomwepo pa galasi. Motero amaceka pang'ono cabe ca kuciuno, nalowetsa waya, naupenya ulinkutsika m'pfupa kufikira utaoloka pothyoka. Msomali umatsata wayayo, ndipo zomangira zopingasa zimaukhoma kumwamba ndi kumunsi. Pothyoka peni-penipo satsegulapo ai. Mwazi woundana uja, umene uli maziko a kucira, sausokoneza, ndipo tizirombo tipeza khomo laling'ono. Ambiri amayamba kuyenda ndi ndodo patapita masiku owerengeka. Popeza makina a C ndi a mtengo wapatali, dotolo wa ku America, Lewis Zirkle, anakonza msomali wochedwa SIGN wokhoza kukhomedwa popanda makinawo, ndipo kuyambira 1999 wafika m'zipatala zambiri za maiko osauka. Ine ndiyesa kuti nzeru yotere, yoganizira cipatala cimene magetsi ace amazima-zima, iyenera ulemu wofanana ndi wa makina akulu-akulu.

Tsono tifike pa msana, pamene pali nkhani yaikulu. Msana ndi mafupa ang'ono-ang'ono osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa cifuwa, 5 m'munsi mwace, ndi ena olumikizana a kuciuno. Onsewa ali ndi ciboo pakati, ndipo m'ngalande imeneyo mumadutsa cingwe cofewa ca mitsempha cocokera ku bongo. Ciri ngati cingwe cacikulu ca magetsi cotsikira m'mgodi: cikaduka pamwamba, zonse za m'munsi zizima. Cikabvulala m'khosi, manja ndi miyendo zimafa, nthawi zina ndi kupuma komwe. Cikabvulala m'munsi, miyendo imafa, ndipo munthu sakhozanso kudziletsa mkodzo ndi cimbudzi.

Cherani khutu apa. Munthu akhoza kuthyoka pfupa la msana cingweco cikali camoyo. Zala alinkugwedeza, miyendo alinkuimva. Koma anzace pom'konda am'nyamula wina ku mapewa wina ku miyendo, msana nupindika, kapena am'khazika tsonga m'galimoto, ndipo pfupa losweka lija limasuntha nkutswanya cingwe cimene mwala unacisiya. Inu amene munaphunzira First Aid ku mgodi mudziwa lamulo lace, koma a m'tauni ambiri salidziwa. Wogwa kucokera pamwamba, wogwedwa ndi mwala, kapena wa ngozi ya pa mseu, akamva kuwawa m'khosi kapena kumsana, kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kapena akakomoka, musam'dzutse. Ngati palibe moto kapena mwala wina wofuna kugwa, m'siyeni pomwepo kufikira atabwera odziwa. Akayenera kusunthidwa, mmodzi agwire mutu kuti ulunjike ndi thupi, ena atatu am'tembenuze pamodzi ngati cipika, nam'goneke pa macira olimba kapena pa citseko.

Ku cipatala X-ray wamba amaonetsa msana, koma osati bwino lomwe, pakuti mithunzi ya mapewa, nthiti ndi cibwano imagwera pamodzi, ndipo ming'alu ina imabisala. Bvuto limeneli analithetsa Godfrey Hounsfield, m'misiri wa kampani ya EMI ku England. Iye anaganiza zozunguliza kuwala kwa X-ray mbali zonse za thupi, kuyesa kumene kwapyola pa mbali iri yonse, ndi kupatsa kompyuta kuti iwerengere ndi kujambula thupilo ngati buledi wodulidwa zigawo-zigawo. Wodwala woyamba anaunikidwa mutu pa 1 October, 1971, ku cipatala ca Atkinson Morley ku London. Masamu a nzeru yomweyi anali atayamba kale kuwalingalira Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, pamene anathandiza pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, ndipo awiriwo anagawana mphotho ya Nobel mu 1979. Makinawa ndiwo ochedwa CT. Oyambawo anali kutenga mphindi zingapo pa cigawo cimodzi. A masiku ano amaunika kucokera kumutu kufika kuciuno mphindi imodzi isanathe, ndipo kompyuta imasanjikizanso zigawozo kuti dotolo aone pfupa losweka mbali zonse, ndi kabenthu kali konse kamene kalowa m'ngalande ya cingwe.

CT ndiyonso imapulumutsa womenyeka mutu. Pali ngozi ina yonyenga kwambiri: munthu amenyedwa pa litsipa, akomoka pang'ono, adzuka nalankhula bwino, mwina napita kwao. Koma m'kati mwa cibade mtsempha waduka, ndipo mwazi ulinkuunjikana ndi kupanikiza bongo. Patapita maora owerengeka mutu umawawa koopsya, asanza, ayamba kuodzera, ndipo akagona sadzukanso. Pa CT mwazi umenewo umaoneka woyera poyera-yera, ndipo dotolo akatsegula cibade msanga naucotsa, ambiri amacira kweni-kweni. Wotere musam'lole kugona yekha m'nyumba poyesa kuti ndi mowa.

Cingwe ca msana ceni-ceni CT saonetsa bwino. Cimeneco cimaoneka ndi makina ena ochedwa MRI, amene nzeru yace anaipeza Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Nottingham m'zaka za m'ma 1970. Awa alibe X-ray konse. Amagwira nchito ndi maginito amphamvu koposa pamodzi ndi mafunde onga a wailesi, ndipo amamvera madzi a m'thupi. Amaonetsa ngati cingwe catupa, capanikizika kapena caduka, ndiponso amaonetsa msanga TB ya msana, imene siisowa kuno kwathu. Wodwala amagona m'kamphanga kopapatiza kwa theka la ora kapena kuposa, pali phokoso ngati la makina oboola thanthwe. Inu oocherera zitsulo, osula ndi onola, cenjerani: ngati kacitsulo kanakulowani m'diso ngakhale kale-kale, nenani musanalowe, pakuti maginitowo akhoza kukasuntha ndi kuononga diso. Nenaninso ngati muli ndi cipolopolo m'thupi kapena kamakina kothandiza mtima.

Tinene zoona: cingwe ca msana cikaduka, palibe dotolo pa dziko lapansi amene akhoza kucilumikiza. Cimene zithunzi zimacita ndico kusiyanitsa cingwe coduka ndi cingwe copanikizika cabe. Copanikizikaco cikamasulidwa msanga, makamaka tsiku loyamba lisanathe, mwai wakuti mphamvu ina ibwerere umakula. Pomanga msana wosweka dotolo amakhoma zomangira zacitsulo m'timilatho ta pfupa topapatiza kuposa cala, cingwe ciri pambali pomwepo, ndipo amapenya pa galasi la makina a C pokhoma ciri conse.

Bala lacitatu ndilo lofulumira kupha koposa onse. Munthu wamkulu ali ndi mwazi wokwana malita ngati 5. Pfupa la nchafu likathyoka, lita imodzi kapena imodzi ndi theka ikhoza kutayikira m'minofu popanda dontho kuoneka kunja. Mafupa a ciuno akasweka, monga acita munthu akapanikizika pakati pa ngolo ndi khoma la mgodi, wotayika umaposa pamenepo kutali. Kapamba ndi ciwindi zikang'ambika, mimba imadzala. Zizindikilo zace ndi izi: m'maso ndi m'zikhato muyera, thukuta lozizira, ludzu lalikulu, mtima kugunda msanga-msanga koma mofooka, ndi kusakhazikika. Musam'patse madzi, tiyi kapena mowa, ngakhale apemphe motani, pakuti mwina apita ku opaleshoni. M'fundeni, ndipo fulumirani naye.

Pofuna mwazi wobisikawu, cida coyamba ndi makina a mau osamveka ndi khutu, omwe aja amaunikira amai apakati. Amacita monga mleme, umene umalira numvera kubwerera kwa mau ace kuti udziwe pali khoma. Mudzakondwa kumva kuti anacokera ku nchito ya zitsulo: dotolo wa ku Glasgow, Ian Donald, mu 1955 anatenga zotupa zocotsedwa mwa odwala napita nazo ku fakitale ya maboila, kukaziyesa ndi cida cofunira ming'alu m'citsulo. Lero dotolo amaika kacipangizo pansi pa nthiti za kumanja ndi za kumanzere, pa cinena ndi pa mtima, ndipo m'mphindi zowerengeka amaona ngati pali mwazi, umene umaoneka ngati dziwe lakuda. Akauona, ndipo wodwala alinkufooka, sataya nthawi ndi CT ai. Amapita naye ku opaleshoni pomwepo. CT ndi ya wodwala amene mtima wace wakhazikika. Ngati ndi ciuno casweka, amayamba acimanga zolimba ndi lamba kapena nsaru pa mfundo za nchafu, kuti mafupa atsekeke ndi mwazi upeze poundana.

Ndipo pali njira ina yodabwitsa, yoletsa mwazi ca m'kati mwa mtsempha womwewo. Mu 1953 dotolo wa ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger, anaonetsa kalowetsedwe ka kapaipi kofewa mumtsempha popanda kuceka: abaya ndi singano ya mphako, alowetsa waya woonda m'singanomo, acotsa singano, atsetsereza kapaipi pa wayayo, nacotsa waya. Mu 1964 Charles Dotter wa ku Portland anatsegula nako mtsempha wotsekeka wa m'mwendo wa mai wina wokalamba, mwendo umene ukadadulidwa. Ngati kapaipi kakhoza kutsegula, kakhozanso kutseka. Ndipo mu 1972 madotolo a ku Boston analemba za odwala osweka ciuno amene anawaletsa mwazi mwa njira imeneyi.

Kacitidwe kace nkotere. Dotolo amabaya mtsempha waukulu wa m'mphecepece mwa nchafu, nayendetsa kapaipi m'mitsempha alikupenya pa galasi la X-ray, monga munthu wotsata njira za pansi pa mgodi ndi mapu m'manja. Akafika pafupi amathira mankhwala a ayodini ochinga X-ray, ndipo mitsempha yonse imaoneka ngati nthambi za mtengo. Pong'ambika mankhwalawo amatayikira kunja ngati utsi. Pamenepo amakankhiramo tizidutswa tonga siponji, timene timasungunuka patapita sabata zingapo, kapena timawaya topota timene timakhala momwemo, ndipo mwazi umaundana nutseka. Ciri ngati kutseka mpopi wa nyumba imodzi m'malo mwa kukumba mseu wonse. Bala lotsala ndi la singano cabe. Mwa njira yomweyi amapulumutsa kapamba wong'ambika amene kale akadacotsedwa, ndipo ici ncacikulu kuno kwathu, pakuti kapamba amathandiza thupi kulimbana ndi malungo ndi tizirombo tina. Amathandizanso amai otaya mwazi atabala, cibaliro osacicotsa. Koma njirayi ifuna cipinda cace-cace ndi anthu ophunzira zaka zambiri, ndipo zipatala zocuruka za mu Africa ziribe zimenezi. Kumeneko dotolo amatsegula mimba, namanga mtsempha kapena kutsendera nsaru zoyera pocucha mwazi, ndipo njira imeneyonso yapulumutsa anthu osawerengeka. Musakane opaleshoni poyembekeza makina amene ali kutali.

Nanga kuwala kumeneku sikupweteka? Kukacuruka kumapweteka ndithu. Oyamba kukugwiritsa nchito sanadziwe, ndipo anapsya manja. Clarence Dally, wothandiza Thomas Edison, anadulidwa manja onse awiri namwalira ndi khansa mu 1904. Makina a lero amaturutsa pang'ono pokha. Cithunzi cimodzi ca cifuwa, conga cimene amuna a m'migodi amajambulidwa ku Kitwe pofuna matenda a pfumbi, cifanana ndi kuwala kwa mtundu womwewo kumene tonse timalandira kucokera m'nthaka ndi kumwamba pa masiku owerengeka. Sikuyamwa mwazi, sikucepetsa mphamvu ya m'nyumba, ndipo sikutsala m'thupi. CT ya mimba ndiyo yolemera, yofanana ndi zaka ziwiri kapena zitatu za kuwala kwa cilengedweko, ndipo ndico cifukwa dotolo salamula CT pa kuwawa kuli konse, makamaka kwa ana. Msana wongowawa cifukwa ca kunyamula katundu kawiri-kawiri umapola wokha popanda cithunzi ciri conse. Wojambula amabisala kuseri kwa khoma kapena kubvala cobvala ca mtobvu cifukwa iye ali pomwepo tsiku ndi tsiku, pamene inu mubwera kamodzi. Anyamata ndi atsikana ofuna nchito imeneyi amaiphunzira ku Evelyn Hone College ku Lusaka ndi ku masukulu ena.

Mai amene ali ndi pakati, kapena aganiza kuti mwina ali napo, anene asanajambulidwe. Nthawi zambiri cithunzi cimatheka ndithu, koma wojambula adzasintha kajambulidwe kapena kusankha makina a mau aja. Amene anatupa kapena kubanika atalandira mankhwala a ayodini, ndi amene ali ndi matenda a impso, anenenso. Ndipo cithunzi cimene akupatsani, cikhale ca pulasitiki, ca pa CD kapena kalata yofotokoza, cisungeni pouma, osacipinda. Akakutumizani ku Ndola, ku Kitwe kapena ku U.T.H. ku Lusaka, pitani naco, pakuti dotolo wa kumeneko adzaciika pambali pa catsopano kuti aone ngati pfupa lasuntha kapena lirikugwirana.